Zikhomo za Che Jafali

Tabweretsa kuno foniyo, Lusungu, usanaigwetse ndi kuseka. Eya, chithunzicho ndinajambula ndine, ndipo dzanja silinanjenjemere ayi. Ndi khoma, ndi windo, basi. Mukuti agogo anakwera ndege mpaka ku Iguputo n'kubwerako ndi chithunzi cha khoma, ngati kuti kuno ku Kawale makoma anatha. Inu mumafuna ndikwere ngamira, ndimange nsalu kumutu, kuti mukaonetse anzanu kusukulu. Ngamirayo ndinaiona, inandiyang'ana mwamwano, ine n'kuisiya ndi mwano wakewo. Takhalani pansi, ana inu, magetsi apita kale ndipo kanema wanuyo lero alibe chonena. Iwe Tawonga, sendera uko, wandikhalira phazi.

Khoma limenelo kuti mulimvetse, tiyambire ku Biwi, pafupi pompa, kwa munthu wina dzina lake Che Jafali. Simuwadziwa, ndipo kusawadziwa kwanuko ndi mlandu wanga.

Ine ndinafika mu Lilongwe ndili mnyamata, nthawi imene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba, paliponse pali fumbi ndi milu ya njerwa. Kuchoka kwathu kumpoto unali ulendo wa masiku awiri, basi ikukugwedeza mpaka kuiwala dzina lako, osati zanu za lero zoti mwadzuka ku Mzuzu, chamasana mwadyera kuno. Ndinatsika ndi sutikesi yamalata, Baibulo la Chitumbuka, ndi Chichewa chongokwanira kupempha madzi. Ntchito yoyamba inali yokanda matope pamalo pena pamene ankamanga nyumba za ogwira ntchito m'boma. Mmisiri amene ndinkawapatsira matopewo anali Che Jafali, Myao wa ku Machinga, munthu wamfupi, wa mawu ochepa, wondiposa zaka zitatu kapena zinayi. Tsiku lina anangondipatsa mpeni womangira n'kunena kuti ndiike njerwa imodzi aone. Ndinaiika. Anaichotsa. Ndinaiikanso, anaichotsanso, mpaka dzuwa linafika pamutu. Umisiri wanga unayambira pamenepo.

Masiku ano ndimaona anyamata akuloza kamoto kofiira pakhoma, kamakina n'kulira, basi ati ayeza. Ife tinali ndi chingwe, zikhomo zosema tokha, sikweya yachitsulo, ndi levulo yathabwa yokhala ndi kadiso ka madzi pakati. Ngodya tinkaipeza ndi tepi: mapazi atatu uku, anayi uko, pakati pake pakwane asanu, pakapanda kukwana, zula uyambirenso. Che Jafali anandiphunzitsa zonsezo, ndipo ine ndinazigwira mopitirira muyeso. Khoma langa ukaliyang'ana cham'mbali linkaoneka ngati ulusi. Anthu anayamba kunena kuti ukafuna nyumba yowongoka kaitane Gondwe, ndipo mawu amenewo anandikwera kumutu. Agogo anu aakazi, NyaMhango, ankati ndikanapatsidwa mpata ndikanawongola ndi mtsinje wa Lilongwe womwe. Usaseke iwe Tawonga, unatengera ine, nsapato zako umaziika pamzere ngati zili pa perete.

Chakudya chathu chamasana chinali mbatata yootcha pamoto wa zidutswa za matabwa, kapena chimanga chokazinga ndi madzi a pampopi, tsiku labwino chigumu. Inu mukapanda soseji mumati kwagwa chilala. Njinga tinali nayo imodzi, ya Che Jafali, yakuda, yolemera ngati chitseko. Popita kuntchito iwo ankapalasa ine ndili pa keliyala, pobwera ndinkapalasa ine, chifukwa pobwera panali chitunda ndipo iwo anali aphunzitsi.

Ubale wathu unali wodyerana. Pa Khirisimasi nkhuku ya m'nyumba muno sinkaphedwa ndi ine. Tinkadikira Che Jafali abwere ndi mpeni wawo, aizinge mwa mwambo wawo, kuti nawonso adye nafe. Ikafika Idi, akazi awo, Abiti Mussa, ankatumiza mbale ya mpunga wonunkhira, yokutidwa ndi kansalu koyera, ndipo azakhali anu Wezi, ali kamwana, ankainyambita mpaka kutsuka kosafunikanso. Lachisanu masana iwo akapita kukaswali, ndiko kuti kukapemphera, ine ndinkagwira mbali yawo ya khoma. Loweruka ndikakhala ndi msonkhano wa akulu a mpingo, iwo ankagwira yanga. Za chipembedzo sitinkakambirana konse, ndipo ine ndinkayesa kuti umenewo ndi ulemu.

Ndiye Asilamu a chigawo chawo ku Biwi, amene ankapempherera m'chisakasa chaudzu, anaganiza zomanga mzikiti wa njerwa. Sindikuuzani kuti ndi uti, mungapite kukasuzumira. Njerwa anaumba okha chilimwe chonse, amayi akutunga madzi, abambo ali ndi zikombole, n'kuwotcha uvuni umodzi waukulu. Womanga anayenera kukhala Che Jafali, koma mwezi womwewo anagwa padenga la nyumba ina n'kuthyoka mkono wamanja. Iwo ndi amene anatchula dzina langa. Ena anakana, ati mkulu wa mpingo wa Chikhirisitu amange bwanji mzikiti, kodi amisiri achisilamu atha? Che Jafali anaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti munthuyu ndinamuphunzitsa ndekha, dzanja lake ndi dzanja langa, chikalakwika mudzafunse ine. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake, kwa anthu ena.

Shehe wawo, nkhalamba ya ku Mangochi, anabwera n'kukhoma zikhomo pamodzi ndi Che Jafali. Atatha, shehe anapita kumudzi kumaliro n'kukakhalitsako, Che Jafali nawo anapita ku Machinga kuti mkono ukapolere kwa abale. Pondisiyira ntchito anangoti zikhomo takhoma kale, inu mungotsata. Sanawonjezere china, poti kwa iwo chifukwa chake chinali chodziwikiratu.

Lolemba m'mawa ndinafika ndi chingwe changa. Nditayang'ana, mutu unandiwawa. Nyumba zonse za mzere umenewo zinayang'ana msewu bwinobwino, koma zikhomo za mzikiti zinali zitapotoka, ngodya imodzi yayandikira msewu, ina yathawa. Ndinati mumtima, nkhalamba ija maso atha, ndipo mnzanga ndi mkono umodzi sakanatha kukoka chingwe. Ndinaganizanso za anthu odutsa, akuloza n'kumati chokhota icho anamanga ndi Gondwe. Ndinazula zikhomo zonse n'kuzikhomanso motsata msewu. Sizinanditengere nthawi yoposa yowiritsa tiyi, ndipo ndinkaona ngati ndawachitira chifundo. Tikukumba maziko, bambo wina wachikulire anaima n'kufunsa ngati zikhomozo zili pamene shehe anasiya. Ndinamuyankha kuti zonse zili m'malo mwake, apite ndi mtendere.

Makoma anakwera msanga, okongola ndithu, njerwa iliyonse pamalo pake. Atafika pamwamba pa mawindo, shehe anabwera. Analowa, anaima pa kachipinda kolowa m'khoma lakutsogolo, pamene amaima wotsogolera mapemphero, anatulutsa kampasi m'thumba la mkanjo, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuluka osatsanzika.

Che Jafali anabwera kuno Loweruka masana, mkono ataukoleka pakhosi ndi nsalu. Anaima apo pali mpopipo. NyaMhango anatulutsa mpando, iwo anakana.

"A Gondwe, zikhomo zija munasuntha?"

Ndinavomera, ndipo ndinavomera monyada. Ndinati zinali zokhota, ine sindimanga zokhota. Iwo anafotokoza mofatsa kuti Msilamu aliyense poswali amayang'ana ku mzinda woyera wa Maka, mbali imeneyo amaitcha kibula, ndipo mzikiti umamangidwa motsata kibula, osati msewu. Apa mpamene munthu wanzeru akanagwira pakamwa n'kupepesa. Koma ine manyazi anasanduka ukali, poti akazi anga ndi aneba ankamva. Ndinati:

"Ndiye Mulungu wanuyo samva munthu akapanda kumuyang'ana kumaso?"

Ana inu, mawu amenewo ndinawanena ine agogo anu, mkulu wa mpingo, pakhomo pano. Che Jafali anandiyang'ana, anayang'ana pansi, anatsanzika NyaMhango mwaulemu, n'kumapita.

Kugwetsa makoma sikunatheke. Njerwa zomangidwa ndi simenti sizibwerera, ndipo anthu aja analibe mphamvu zoumbanso. Anaitana mmisiri wina kudzamaliza, n'kujambula mizere ya penti pansi kuti anthu aziima mopendekera m'nyumba yowongoka. Che Jafali anafunsidwa monga analonjezera. Anawachotsa m'komiti, ndipo kwa zaka zambiri ankayenda mtunda kukaswali kumzikiti wina chifukwa cha manyazi. Khirisimasi ya chaka chimenecho nkhuku ndinapha ndekha. Mbale ya Idi inabwerabe zaka ziwiri zotsatira, Abiti akutumiza mwakachetechete; ine ndinkati ndakhuta, ana n'kudya. Chaka chachitatu sinabwere. Tikakumana pamsika, poyamba tinkapatsana moni wouma, kenako ndinayamba kuwoloka msewu ndikaona kofiya yawo, kachipewa kachisilamu kaja, patali. NyaMhango anandichonderera mpaka anatopa. Ine ndinkangoti anthu osayamika, ndawamangira nyumba yowongoka kuposa zonse ku Biwi. Zinapita zaka zoposa makumi atatu, chonsecho kuchoka pano kukafika kwawo ndi mtunda woti phala silingazizire.

Agogo anu aakazi atatisiya, iwe Lusungu ukukumbukira, unali utayamba kale sukulu, pamaliro ndinawaona Che Jafali atakhala pansi pa mtengo wa mango uwo pakati pa azibambo, kofiya yoyera kumutu, atakalamba zedi. Ndinadutsa pafupi dala, pang'onopang'ono, kuti akadzutsa nkhope ndiwapatse dzanja. Sanadzutse. Ndinati mumtima, chabwino, akadali nazo, n'kupitirira.

Patatha chaka, azakhali anu Wezi, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ya unamwino ku Kairo, likulu la Iguputo, anati adada, m'malo mongokhala pakhonde kuwerenga maminibasi, bwerani mudzaone kuno. Ndinakana kawiri, kachitatu anangotumiza tikiti. Za pasipoti ndisanene, pamzere wake ndinakalambirapo kachiwiri. Pabwalo la ndege anandivula lamba ndi nsapato, n'kutulutsa tepi yanga m'thumba la jekete kumaiyang'ana ngati ndi njoka. Ndinawauza kuti imeneyo ikatsala nanenso nditsala, anandibwezera. M'ndege ndinakhala pawindo, ndipo chimene ndinaona n'chakuti minda ya anthu, ukaiyang'ana uli kumwamba, ndi yokhota yonse.

Kairo ndi phokoso. Tengani depoti ya m'tauni tsiku la malipiro, muichulukitse mpaka mutatopa, galimoto iliyonse ikuliza hutala popanda chifukwa. M'mawa amadya nyemba zikuluzikulu zophwanya, zothira mafuta ndi mandimu, ndi buledi wozungulira wopyapyala wong'amba ndi manja. Tsiku loyamba ndinafunsa Wezi ngati malipiro achedwa, tsiku lachitatu ndinkapempha zowonjezera. Tiyi amamwera m'tambula yagalasi, wopanda mkaka, shuga wake woti supuni n'kuima. Ku mapiramidi ndinapita, ndipo ndinavula chipewa, chifukwa amene ananyamula miyala imeneyo anali anthu ngati ife. Koma kunena zoona mtima wanga unakatsalira mumzinda wakale.

Kumeneko amene anatiperekeza ndi mnansi wa Wezi, Bambo Hamdi, mphunzitsi wopuma ntchito, woyenda ndi ndodo, wa Chingelezi chapang'onopang'ono chimene ngakhale ine ndinkatola. Tinalowa pachipata chamiyala, chachitali moti malole awiri osanjikizana akhoza kudutsa, n'kutsata msewu wopapatiza wodzaza ndi ogulitsa nyale zamkuwa, zonunkhiritsa ndi nsalu. Uku mzikiti, uko mzikiti, nsanja zake zitaloza kumwamba, iliyonse ndi kamangidwe kake. Miyala yofiira ndi yoyera anaisanja mosinthanasinthana, ndipo pamwamba pa zitseko anailumikiza ngati zala zopingana, popanda mpata wolowetsa nsonga ya mpeni. Ndinayesa ndi chikhadabo. Mawindo ena ndi a timitengo tosema tating'onoting'ono tolowetsana popanda msomali, wam'kati amaona kunja, wakunja saona m'kati. Madenga ozungulira aja, okhala ngati mphika wovundikira, ndinawayang'ana mpaka khosi linauma, ndikudzifunsa kuti matabwa ochirikiza anawachotsa bwanji, ndipo anayamba kuchotsa ndani, chifukwa ameneyo anali wolimba mtima.

Mu mzikiti wina waukulu tinavula nsapato n'kulowa pabwalo lam'kati, lopanda denga, pakati pali posambirapo. Phokoso lonse la mumsewu linathera pakhomo. Pansi panali pozizira, nyale zikulendewera pa maunyolo aatali, malemba awo atasemedwa pamwala kuzungulira khoma lonse. Ndinakhala pansi osafuna kudzuka. Bambo Hamdi anati amene anamanga zimenezi anafa zaka mazanamazana zapitazo, ndipo ambiri mayina awo sadziwika. Ine amene ndinkalemba dzina langa pa simenti yaiwisi ya khonde lililonse ndinaweramitsa mutu.

Nsanja imodzi tinaikwera, ine ndi Wezi, Bambo Hamdi atatsala pansi chifukwa cha mwendo. Masitepe ake ndi ozungulira, opapatiza, odyeka pakati ndi mapazi a anthu, ndipo ndinapuma katatu. Pamwamba mzinda wonse unali pansi pathu, wamtundu wa fumbi. Nthawi ya swala ya masana itakwana nsanja zonse zinayamba kuitana, iyi kuyamba, iyo kulandira, mpaka sukanadziwa kumene mawu akuchokera. Pansi ndinaona anthu akutseka mashopu, ena akuyala timikeka pambali pa msewu, onse ayang'ana mbali imodzi. Che Jafali anandibwerera m'maganizo, koma ndinamukankhira kumbali n'kuyamba kudandaula za mawondo.

Khoma la pachithunzilo lili mu mzikiti wocheperapo, mumsewu womwewo. Kunja kwake kunatsata msewu bwinobwino. Ndinayang'ana cham'mbali ndi diso limodzi n'kuvomereza. Koma titalowa, thupi langa linamva kuti chipinda chatembenuka. Ndinapita pawindo loyamba, khoma lake linali lochindikala ngati kutalika kwa mkono wanga. Lachiwiri, kuposa apo. Lomaliza, la kungodya, munthu akhoza kuyala mphasa n'kugona m'kati mwa windo. Ndinatulutsa tepi n'kuyeza onse, mlonda akundiyang'ana, ndipo lomalizalo ndinalijambula. Ndiye ndinauza Wezi m'Chitumbuka kuti apa pokha ndawagwira, mmisiri wa apa anasokoneza zikhomo n'kubisa manyazi ake ndi miyala. Ndinaseka ndithu, mtima unakhala pansi kuti nawonso ankalakwitsa.

Wezi anamasulira, mwana wopanda chinsinsi. Bambo Hamdi anamwetulira, anandigwira pamkono n'kupita nane kutsogolo, kumene kunali kachipinda kolowa m'khoma, kokongoletsedwa ndi miyala yamitundumitundu. Anati msewu unalipo kale mzikiti usanamangidwe, ndipo mmisiri sakanausuntha. Mzinda wa Maka nawonso sakanausuntha. Ndiye kunja anamvera msewu, m'kati anamvera kibula, ndipo kusiyana kwa ziwirizo anakukwirira m'khoma. Anati ndikayenda mumzinda wakalewo ndipeza yambiri yomangidwa chotero, ndipo amisiri amachoka kutali kudzaona nzeru imeneyo.

Ndinakhala pansi pa kapeti, tepi ili m'manja. Zoti ndinalakwa, pansi pa mtima ndinkazidziwa kale. Chimene chinandipweteka n'chakuti njira inalipo. Msewu ukanapatsidwa zake, kibula zake, khoma langa n'kukhala lowongoka kunja monga ndinkafunira, ndikanangodikira masabata awiri kapena kukwera basi ya ku Machinga n'kukafunsa kuti akulu, zikhomozi zapotokeranji. Anthu ondiposa kutalitali anagonjera chinthu chimene ine ndinachitcha chokhota n'kuchinyoza pamaso pa mwini wake. Ndinachita manyazi, ana inu, manyazi otentha kumaso, ndipo ndinalira pamaso pa mwana wanga ndi mlendo.

Titatuluka tinakhala pa kamalo kogulitsa tiyi, ndipo ndinamuuza Wezi zonse. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nkhaniyo amaidziwa kuyambira ali pasukulu, amayi ake anamuuza, ndipo nthawi zonse akabwera kutchuthi amakawaona Che Jafali mobisa, iwo n'kumulandira bwino. Ndinati nanga ngati alibe mangawa, bwanji pamaliro sanandiyang'ane n'komwe.

"Adada, Che Jafali saona. Matenda a shuga anawatseka maso chaka chimene amama anayamba kudwala. Pamaliro paja anachita kuwagwira dzanja kuchokera ku Biwi, ndipo anakhala mpaka tsiku loika."

Anawonjezera kuti atawaona komaliza miyendo inali itayamba kutupa, satulukanso m'nyumba. Ndinali nditatsala ndi masiku asanu ndi limodzi ku Kairo. Anandionetsa zina zambiri, linga la paphiri, msika wa nsalu, mtsinje wa Nailo, koma ndinkangoyenda ngati katundu. Mantha anga anali amodzi, oti ndikafika n'kupeza anthu atakhala panja pa nyumba ija. Asilamu sachedwa kuika maliro. Ukhoza kutsika ndege n'kumva kuti zonse zinatha dzulo.

Ndege inatera masana. Sutikesi ndinangoiponya m'chipinda, inu mukundikoka jekete kufunsa za maswiti, n'kutenga ndodo yanga kumapita. Njira inandidutsitsa pa mzikiti uja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaima pakhomo n'kusuzumira. Mizere ija ilipobe, yapentedwa kambirimbiri, ndipo kungodya ziwiri kumatsala malo opanda ntchito kumene amaunjikako mikeka. Nditakhota pakona ya kwa Che Jafali maso ndinaponya pakhomo pawo. Panja panalibe anthu, panali zovala pachingwe basi.

Abiti Mussa anali pakhonde akusankha nyemba. Atandiona lichero linatsala pang'ono kugwa. Sanandifunse kanthu, anangoti lowani, ali pabalaza. Che Jafali anali pampando, miyendo ataisanjika pa kabenchi, ataonda, maso otsegula koma osandipeza. Ndinati odi, n'kupereka moni. Anapendeketsa mutu.

"Chichewa chophwanyika choterechi mu Lilongwe muno mwini wake ndi mmodzi. A Gondwe, mwasochera?"

Ndinati sindinasochere. Ndinagwada, ngakhale mawondo ankakana, n'kuwagwira dzanja. Ndinawauza za Kairo, za windo logonamo munthu, za mmisiri amene anamvera mbali zonse ziwiri. Kenako ndinati:

"Ndinazula zikhomo zanu osafunsa, ndinanamiza munthu wachikulire, ndinakusiyani musenze mlandu wanga. Ndipo mawu amene ndinanena tsiku lija anali oipa kuposa zonsezo. Ndikhululukireni, akulu anga."

Chala chawo chinayenda pa dzanja langa ngati akuyeza pulasitala. Kenako anati za njerwa anaiwala kalekale, ana obadwa pano amayesa kuti mizere yopendekera ndi mmene mzikiti umakhalira. Koma mawu aja, anati, ndi amene ankadzuka nawo. Sananene kuti ndakukhululukirani, ndipo ine sindinaumirize. Anangofunsa ngati mawindowo ndinawayeza, ndipo nditati eya, anafuna kumva mainchesi ake, loyamba mpaka lomaliza, akugwedeza mutu.

Tili pakati pa zimenezo kunamveka kuitana kwa swala ya chakumadzulo. Abiti anabweretsa beseni ndi ketulo, anawathandiza kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, n'kutuluka kukataya madzi. Sanabwerere, ndipo ndikuganiza kuti anachedwa dala. Ndinaimirira kuti ndiwapatse mpata, koma Che Jafali anati masiku ano amaswali ali pampando, ndipo mpandowo wayang'ana kukhomo.

"Tanditembenuzani."

Ndinagwira mpando kumbuyo. "Ndiloze kuti?"

Anaseka chapansipansi. "Lero mwafunsa. Lozani kwanu, kumpoto, kenako mupotoze pang'ono cha kum'mawa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana kwanu kasanu pa tsiku, a Gondwe."

Ndinakoka mpando pang'onopang'ono, munthuyo anali wopepuka ngati mwana. Utalingana ndi khoma, manja anga anaima okha. Iwo anatambasula dzanja kufufuza ngodya ya kabati imene amayezera, osaipeza.

"Simunafike. Onjezerani."

Kwa diso langa unali pamalo pake. Ndinaonjezera, mpaka zala zawo zinagunda kabati.

"Apo."

Anakweza manja kufika m'makutu n'kuyamba. Ine ndinakhala pamkeka kumbuyo kwawo, chipewa pabondo, n'kudikira kuti amalize.